Kafukufuku wa Kufupikitsa Mawu M'Chichewa Cholankhulidwa: Poyambira Pake

Munthu polankhula amafuna kumveka bwino popanda kutaya mphamvu zambiri, ndipo mu 1935 katswiri wa zilankhulo George Zipf anaonetsa kuti mawu otchulidwa kawirikawiri amakhala aafupi. Kuti muyese mfundoyi pa Chichewa cha ku Ntcheu, pafunika nkhokwe ya ziganizo zoikidwa zizindikiro zofotokoza ntchito ya liwu lililonse, ndipo nkhokwe yotereyi mungathe kuimanga nokha.

Yambani ndi kujambula mawu. Msika wa Lizulu ndi malo abwino, chifukwa ogula ndi ogulitsa kachewere amanenerera mitengo mofulumira, koma pemphani chilolezo ndipo muchotse mayina a anthu. Jambulaninso ulaliki kuti mukhale ndi choyerekezera. Polemba zojambulidwazo mu pulogalamu ya ELAN, musakonze Chichewa cha wolankhula: iye akati "mwananga", "nyumbayi" kapena "n'chiyani", inu musalembe "mwana wanga", "nyumba iyi" kapena "ndi chiyani", pakuti kufupikitsako ndiko mukufufuza.

Ntchito yaikulu ili pa mneni, ndipo apa mpofunika kudekha. "Sindinamuone" limaoneka ngati liwu limodzi, komatu muli kukana, mwininkhani, nthawi, pamtherankhani ndi tsinde, choncho ligaweni motere: si-ndi-na-mu-on-e. Poyeza kutalika kwa mawu, werengani maphatikizo osati malembo, popeza "ng'" ndi malembo angapo oimira kamvekedwe kamodzi. Mu 1987 akatswiri a zilankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa kuti m'Chichewa mneni akakhala ndi kachigawo koloza pamtherankhani, mawu a m'chiganizo amatha kusinthana malo momasuka. N'chifukwa chake pa mneni aliyense mulembe ngati pamtherankhani watchulidwa, ngati kachigawoko kalipo, ndiponso kuti dzinalo linamveka komaliza ziganizo zingati m'mbuyomo. Mukatero mudzaona ngati wolankhula amati "ndagula chimanga" nkhani ikamayamba, n'kusinthira ku "ndachigula" womvera akadziwa kale chomwe chikunenedwa.

Posonyeza kulumikizana kwa mawu, tsatirani ndondomeko ya Universal Dependencies, yomwe ndi njira imodzi yoikira zizindikiro zotere m'zilankhulo zosiyanasiyana, kuti zotsatira zanu zifanizidwe ndi za Richard Futrell ndi anzake, amene mu 2015 anapeza m'zilankhulo 37 kuti mawu odalirana amakonda kuyandikana. Musanawerengere chilichonse, munthu wachiwiri aike zizindikiro payekha pa gawo lina la ziganizozo, ndipo pomwe mwasiyana mugwirizane lamulo limodzi n'kulilemba.