Mmene Mkhristu wa ku Harare Angakulire m'Kulimba Mtima Atabadwa Mwatsopano

Anthu ambiri amene angotembenuka mtima amayembekezera kuti mantha awo onse atha tsiku lomwelo, ndipo akaona kuti akunjenjemerabe pamaso pa bwana wawo kapena pamaso pa atsibweni awo, amayamba kukayika ngati anabadwadi mwatsopano. Kukayika kumeneku n'kosafunika. Kubadwa mwatsopano ndi ntchito ya Mzimu wa Mulungu, monga Yesu anafotokozera Nikodemo pa Yohane 3, koma kulimba mtima kumakula mwapang'onopang'ono pamene munthu akuchita zoona pamaso pa anthu. Nikodemo yemweyo anapita kwa Yesu usiku, kenako pa Yohane 7 anayankhula mawu ochepa omuteteza pakati pa akuluakulu anzake, ndipo pa Yohane 19 anaonekera poyera atanyamula mure ndi aloe kukaika mtembo wa munthu amene boma linali litangomupachika.

Choyamba, musagule chimene sichigulitsidwa. Mu mzinda uno muli aneneri ochuluka amene amagulitsa mafuta odzozedwa, madzi a m'mabotolo ndi zibangili, ndipo munthu wosweka mtima sachedwa kutulutsa ndalama ya lendi poganiza kuti akugula moyo watsopano. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo Petro anamudzudzula mwaukali. Chimene inu muyenera kuchita ndi kugwada panokha, n'kuulula machimo anu kwa Mulungu powatchula limodzilimodzi, osati kungoti ndine wochimwa monga timanenera tonse Lamulungu. Mukatero, pitani kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo amene khalidwe lake mumalidziwa, mukamuuze zimene zachitika. Za ubatizo mufunse komweko, chifukwa mipingo imasiyana: a CCAP ndi a Katolika amabatiza ana ndipo sabatizanso munthu kachiwiri, pamene a Baptist ndi mipingo yambiri ya Chipentekoste amabatiza amene wavomereza yekha chikhulupiriro chake. Ngati akuuzani kuti mulowe kalasi, lowani osachita manyazi ngakhale mukhale pa benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa ana anu.

Chachiwiri ndi chimene alaliki ambiri amachidumpha, pamene ine ndimaona kuti ndicho chiyeso chenicheni choyamba: kubweza zimene munatenga. Zakeyu atakumana ndi Yesu analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda kanthu, ndipo Yesu atamva mawu amenewo ndi pamene ananena kuti chipulumutso chafika pa nyumbayo. Tiyerekeze kuti ndinu mayi wogulitsa pa Mbare Musika, ndipo munatenga mabokosi awiri a tomato pa ngongole kwa mlimi wa ku Mutoko, moti miyezi yonseyi mukaona lole yake ikutsitsa katundu m'bandakucha mumazemba n'kukaima kuseri kwa matumba a mbatata. Musadikire kuti ndalama yonse ikwane. Mangani pa nsalu yochepa imene muli nayo, mumutsatire asanayambe kugulitsa, mumupatse moni, n'kumuuza kuti, "Bambo, ngongole ija sindinaiwale, ndinkakuthawani dala ndipo ndinalakwa. Landirani iyi, yotsalayo ndibweretsa mwezi ukatha." Mwina adzakukalipirani anthu akuona, ndipo miyendo idzanjenjemera, koma mukadzachoka pamenepo mudzakhala mutadziwa kuti manyazi sapha munthu.

Mawu a Mulungu muziwerenga m'chinenero chimene chimakufikani pa mtima. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922 ndipo ndi limene agogo athu anabwera nalo kuno. Buku Loyera la mu 1998 lili ndi Chichewa chosavuta. Ana ambiri obadwira ku Mufakose, ku Highfield kapena ku Dzivarasekwa amamva bwino Chishona kapena Chingerezi, ndipo palibe tchimo kuyamba ndi chimenecho. Yambani ndi Marko, amene ali ndi machaputala 16 okha, kenako Machitidwe a Atumwi, ndipo Salimo 27 muliloweze pamtima kuti magetsi akazima mukhale nalobe. Sankhani nthawi imodzi ya pemphero imene simudzaisintha. Danieli sanayambe kupemphera katatu pa tsiku lamulo la mfumu loletsa kupemphera kwa Mulungu litatuluka. Ankachita zimenezo kale, ndipo tsiku loopsa litafika anangopitiriza chizolowezi chake.

Tsopano muyenera kutchula dzina la chimene mumachiopa, pakuti mantha a Mchewa wa ku Harare ali ndi mbiri yake. Makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ena akuyenda pansi milungu yambiri, ndipo anachuluka kwambiri m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963. Ntchito ya mpingo pakati pawo inayamba mu 1912 pamene mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury, dzina lakale la Harare, ndipo ndiyo inabala Sinodi ya Harare ya CCAP. Komabe ana ndi zidzukulu zawo anakula akunyozedwa kuti ndi obwera opanda kwawo, zitupa za ambiri zinalembedwa kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anapezeka kuti alibe dziko lowavomereza. N'chifukwa chake ena anasintha mayina a makolo awo, ndipo ena amatsitsa mawu kapena kudula foni mu kombi mayi awo akaimba m'Chichewa. Munthu amene anazolowera kubisa kumene anachokera savutika kubisanso Mbuye wake, choncho zinthu ziwirizi muzikonze pamodzi. Yankhani foni ija m'Chichewa. Mnzanu wa kuntchito akakufunsani kumene munali Lamulungu, muuzeni dzina la mpingo wanu mosazungulira. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anazindikira Chichewa pakati pa zinenero 16 za Zimbabwe, ndipo anatsegula njira ya unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC. Ngati chitupa chanu sichinakonzedwe, sonkhanitsani makalata anu, mukaime pa mzere, ndipo musapereke chiphuphu ngakhale wina akunong'onezeni kuti pali njira yachidule. Yeremiya anauza Ayuda amene anali ku Babulo kuti amange nyumba, alime minda ndi kupempherera mtendere wa mzinda umene anali kukhalamo.

Mantha ovuta kwambiri amakhala a pachibale, makamaka pa matenda ndi pa maliro. Mwana akadwaladwala, kapena ntchito ikatha mosayembekezereka, akuluakulu a banja amaitanitsa chopereka choti akaombeze kwa sing'anga, ndipo wokana amaoneka ngati ndiye mwini tsokalo. Musadikire tsiku la vuto kuti munene maganizo anu. Pitani kwa atsibweni anu zinthu zili bwino, mutanyamula ngakhale shuga, mukhale pansi monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Malume, ndabwera kudzakudziwitsani kuti ndapereka moyo wanga kwa Yesu. Pa maliro ndi pa matenda mudzandipeza, bokosi ndidzasonkha nawo, manda ndidzakumba nawo, koma za kwa sing'anga mundikhululukire, sindidzathanso kupita." Mukatero muzisunga lonjezo lanu lonse, chifukwa Mkhristu amene amakana zoombeza koma osaoneka pa siwa amapatsa anthu chifukwa chabwino chonyozera chikhulupiriro chake. Ngati muli ndi zithumwa m'chiuno, m'chikwama kapena pansi pa khomo, itanani akulu a mpingo awiri kuti muzichotse pamodzi ndi pemphero, monga anachitira a ku Efeso pa Machitidwe 19 pamene anatentha mabuku awo a matsenga poyera.

Pamenepa pali chenjezo limene sindifuna kuti mulidumphe. Kulimba mtima si mwano, ndipo si kuloza chala agogo anu kuti ndi mfiti chifukwa choti mneneri wina wanena choncho. Mabanja ambiri apasuka ndi mawu otere, ndipo nkhalamba zosalakwa zasiyidwa zokha. Abale anu amene ali ku gule wamkulu akadali abale anu, ndipo mungathe kukana mwambo wawo popanda kuwatukwana. Komanso musasiye mankhwala a kuchipatala, kaya ndi ma ARV, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, poganiza kuti mukuonetsa chikhulupiriro. Kupita kukayezetsa magazi pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wanu kumafuna mtima wolimba kuposa kutaya mapiritsi pa guwa anthu akuomba m'manja.

Musayese kuchita zonsezi nokha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Petro ndi Yohane ataopsezedwa ndi akuluakulu a Ayuda anapita kwa anzawo, ndipo pemphero la pa Machitidwe 4 silinapemphe kuti adani achotsedwe, koma kuti iwo apatsidwe mphamvu yoyankhula mopanda mantha. Lowani m'mapemphero a m'nyumba a dera lanu, kaya kwanu mumawatcha mlaga kapena mphakati, chifukwa m'chipinda cha anthu khumi ndi mmene munthu amaphunzira kupemphera mokweza mawu kwa nthawi yoyamba. Amayi alowe Chigwirizano kapena bungwe la amayi la mpingo wawo, achinyamata alowe kwaya. Pakati pa anthu amenewo sankhani mmodzi wachikulire m'chikhulupiriro, mwamuna kwa mwamuna ndi mkazi kwa mkazi, amene mudzamulola kukufunsani mafunso ovuta okhudza ndalama, mowa ndi banja lanu.

Tsiku lina mudzagwa, mwina mudzanama kuntchito kuti mudziteteze, kapena mudzabwerera kumene munachoka. Petro anakana Yesu katatu atafunsidwa ndi antchito wamba pa moto, ndipo ngakhale pambuyo pa Pentekoste anachitanso mantha ku Antiokeya mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse, monga zalembedwa pa Agalatiya 2. Zikakuchitikirani, musasowe ku mapemphero ndipo musathamangire ku mpingo wina kumene sakukudziwani. Pitani nokha kwa mkulu wa mpingo nkhani isanamufike kudzera kwa ena, mukaifotokoze monga inachitikira. Ngati bwalo la mpingo lagamula kuti muyambe mwaima kudya Mgonero kwa kanthawi, landirani chilangocho, muzifika Lamulungu lililonse ndi kukhala pamene akuuzani, ndipo mufunse akuluwo tsiku limene adzakhalenso pansi kuti aone nkhani yanu.