Ulendo wa ku Boyne Valley kuchokera ku Dublin: dzigulireni nokha tikiti, ndipo musalumphe malire

Abale anga okhala ku Dublin, ambiri a inu moyo wangokhala wa ntchito, sukulu ndi kugona, osadziwa kuti makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwa mzindawu kuli chigwa cha mtsinje wa Boyne, kumene kwagona mbiri yaikulu ya dziko lino. Pitani mukaone. Koma mupite muli tcheru, chifukwa paulendo wa tsiku limodzi womwewu ndi pamene anthu athu akuberedwa ndalama, ndipo ena akuika pachiswe mapepala awo okhalira muno.

Ndiyambe ndi Newgrange, poti msampha waukulu uli pamenepo. Ndi manda a miyala omangidwa zaka pafupifupi 3200 Yesu asanabadwe, akale kuposa mapiramidi a ku Giza ngakhalenso Stonehenge. Pamodzi ndi Knowth ndi Dowth amapanga dera la Brú na Bóinne, lomwe UNESCO inalilemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1993. Kunja mumaona chitunda chachikulu chozingidwa ndi miyala 97, ina yozokotedwa mizere yopiringizika. Mkati muli kanjira kopapatiza ka mamita 19 kokafika m'chipinda chomwe denga lake anangosanja mwala pamwamba pa unzake, popanda simenti, koma silidontha mpaka lero. Pamwamba pa khomo pali kampata. Pa 21 Disembala ndi masiku oyandikana nalo, dzuwa likamatuluka limalowera pamenepo n'kuwalitsa chipindacho kwa mphindi pafupifupi 17. Michael O'Kelly, amene anatsogolera kufukula malowa kuyambira 1962 mpaka 1975, anaziona ndi maso ake mu 1967. Olowa m'mawa umenewo amasankhidwa pochita maere. Masiku ena onse, wokuonetsani malo amazimitsa magetsi n'kuyerekeza kuwalako ndi nyali.

Tsono mvetsetsani apa. Ku Newgrange ndi ku Knowth munthu salowa payekha. Khomo ndi limodzi basi: Brú na Bóinne Visitor Centre, kufupi ndi mudzi wa Donore, kummwera kwa mtsinje. Kuchokera pamenepo mumawoloka kamlatho wapansi n'kukwera basi ya pamalopo yomwe imakutengerani ku mandawo. Mukalemba Newgrange pa mapu a mufoni, adzakulondolerani tsidya la kumpoto, mudzafika pampanda, ndipo adzakubwezani. Pozungulira kuti mufike pakhomo lenileni, nthawi ya tikiti yanu idzakhala itadutsa.

Matikiti amagulitsidwa pa intaneti, patsamba la Heritage Ireland la bungwe la boma la OPW. Amatuluka patatsala masiku 30, ali ndi ola lake, ndipo m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti amatha msanga chifukwa m'chipindamo mumalowa anthu ochepa nthawi imodzi. Alipo a mitundu ingapo: ena ndi a chionetsero cha mu Visitor Centre chokha, ena ndi olowera mpaka m'chipinda cha Newgrange. Werengani bwino musanalipire. Ulendo wonse wophatikiza Knowth umatenga pafupifupi maola atatu, koma Knowth amatseka nthawi yozizira. Kugula n'komweko, palibe chovuta.

Chovuta chimabwera ndi anthu odzitcha ma ejenti a maulendo, ndipo pa awa ndilankhula mosabisa chifukwa zimene amachita zimawawa. Uthenga umafika pagulu la WhatsApp kapena pa Facebook, zithunzi zokongola, Newgrange, Tara ndi Trim zonse tsiku limodzi, malo atsala ochepa, tumizani ndalama ku akaunti iyi lero lomwe. Mumatumiza, poti wolembayo ndi wakwathu, kapena wakulozerani ndi mnzanu wa kutchalitchi. Tsiku likafika minibasi imachedwa kunyamuka, kenako imakaima m'mbali mwa msewu tsidya la kumpoto lija, n'kukuuzani kuti tsikani mujambule. Chitundacho mukuchionera kuseri kwa mpanda. Tikiti sanagule, ndipo ankadziwa kuyambira tsiku lomwe ankalandira ndalama zanu kuti sagula. Ena ochenjerako amagula tikiti yotchipa ya chionetsero chokha, n'kukusiyani muzionera zithunzi pakhoma anzanu akukwera basi yopita ku manda enieni.

Mukadandaula, yankho amakhala analikonza kale: pa uthenga tinalemba Newgrange, ndipo Newgrange mwaiona. Mukaumirira amayamba zakuti ndife a dziko limodzi, tisachititsane manyazi kwa eni dziko. Mawa lake nambala yanu aitseka. Chopweteka si ndalama zokha ayi. Munthu wapempha tchuthi kuntchito, mwina wakana shifiti ya Lamlungu yolipira bwino, watenga ana, mwinanso mayi ake amene abwera kudzacheza kuchokera ku Malawi, ndipo zonsezo zathera pampanda. Amene amachita zimenezi si wabizinesi wolephera, ndi wakuba, ndipo kulankhula chilankhulo chathu sikumuyeretsa.

Ku banki nako musayembekeze zambiri. Ndalama mukazitumiza nokha ku akaunti ya munthu, banki imaona kuti munavomereza, ndipo kuzibweza n'kovuta kwambiri. Mukalipira ndi khadi ku kampani, mungathe kupempha banki kuti ibweze ndalamazo kudzera m'njira ya chargeback, poti simunalandire chimene munagula. Palinso njira ya Small Claims ku District Court, yomwe mumalipira €25 pa madandaulo osapitirira €2,000, koma imafuna dzina ndi adiresi ya amene mukumudandaulira. Munthu wongodziwika ndi nambala ya foni mukamusumira kuti? Ndiye ngati mwaumirirabe kupita ndi kampani, poti makampani oona mtima aliko, funsani musanatulutse kalikonse: kodi tikiti yolowera m'chipinda cha Newgrange ili mumtengowu, ndipo ndi ya nthawi yanji? Yankho likhale lolemba. Akayamba kuzungulira, asiyeni. Dziwaninso kuti galimoto ya munthu wamba yonyamula anthu olipira popanda chiphaso chake, inshuwaransi yake ingakane kulipira pakachitika ngozi.

Nkhani yachiwiri ndi yoopsa kuposa ya ndalama. Khadi lanu la IRP, la chilolezo chokhalira muno, ndi la Republic of Ireland basi. Northern Ireland ndi gawo la United Kingdom, ndipo mwini pasipoti ya Malawi amafunika viza ya UK kuti apondeko, ngakhale kwa ola limodzi. Mgwirizano wa Common Travel Area umene mumamva anthu akuutchula ndi wa nzika za Ireland ndi Britain, osati aliyense wokhala muno. Chomwe chimapusitsa anthu n'chakuti pamalirepo palibe geti, palibe wofunsa pasipoti. Mukadutsa Dundalk, msewu umangopitirira kulowera ku Newry. Mumangozindikira poona kuti zikwangwani za liwiro zasiya makilomita zayamba mamailosi, mzere wachikasu wa m'mphepete mwa msewu wasanduka woyera, ndipo mitengo ya zinthu ili m'mapaundi. Kusowa kwa geti si chilolezo. Akuluakulu oona zolowa ndi kutuluka amachita chipikisheni m'mabasi ndi m'madoko, ndipo akakupezani angathe kukusungani, kukuthamangitsani, ndi kukulembani mbiri yomwe idzakutsatani nthawi iliyonse mukamapempha viza.

Ogulitsa maulendo a ku Belfast ndi Giant's Causeway kuchokera ku Dublin kawirikawiri safunsa za pasipoti yanu, ndipo ejenti wa pa WhatsApp uja adzakuuzani kuti aliyense amapita, sipachitika kanthu. Tsiku lomwe chidzachitike, iye adzabwerera kwake kukagona, inu ndi amene mudzatsale mukufotokoza. Chonde, abale anga, musasewere ndi mapepala amene munavutikira. Ngati mukufunitsitsa kumpotoko, pemphani viza ya UK yoyendera, mupite mtima uli m'malo. Samalaninso ndi njira zobisika: boti la pa Carlingford Lough lochokera ku Greenore limakakutsitsani ku Greencastle, komwe ndi Northern Ireland, ndipo misewu yachidule yopita ku Donegal imadutsa kumpoto komweko.

Kayendedwe n'kosavuta. Sitima yopita ku Drogheda imanyamukira pa Connolly ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi. Ya Enterprise imathamanga kuposa pamenepo, koma ndi ya ku Belfast: mukagona n'kudutsa Drogheda, Dundalk ndiye siteshoni yomaliza ya mbali ino, yotsatira ndi Newry. Wochokera ku shifiti ya usiku atchere alamu. Mabasi a Bus Éireann nambala 101 ndi 100X amafikanso ku Drogheda. Kuchokera kumeneko kupita ku Visitor Centre ndi makilomita pafupifupi 8. Basi ya TFI Local Link imafikako koma siyenda pafupipafupi, ndiye yang'anani nthawi yobwerera musananyamuke, osati mutatuluka m'mandamo. Mukakhala anayi, takisi mutasonkherana si yodula. Ophunzira musaiwale Student Leap Card yanu.

Oyendetsa galimoto, musanyengedwe poti kuno timayenda kumanzere ngati kwathu. Laisensi ya ku Malawi siisinthidwa ndi ya kuno, ndipo mukakhazikika mumayambira pa learner permit. Wa learner permit saloledwa pa motorway, kutanthauza kuti M1 ndi M3 si zanu, ndipo pambali panu pazikhala munthu amene wakhala ndi laisensi yonse kwa zaka ziwiri. Akakupezani nokha, a Garda ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo pomwepo. Pa M1 kufupi ndi Drogheda pali malo olipirira msewu. Pa M50 palibe poima: kamera imajambula nambala, ndipo muyenera kulipira kwa eFlow isanakwane 8 koloko usiku wa tsiku lotsatira, apo ayi chindapusa chimakwera.

Langizo langa ndi lakuti musaunjike malo onse tsiku limodzi. Wopanda galimoto atenge Brú na Bóinne m'mawa, Drogheda masana, basi. Mu Drogheda lowani m'tchalitchi cha St Peter's pa West Street, mmene amasungira mutu wa Oliver Plunkett, arkibishopu wa Armagh amene anaphedwa ku Tyburn, London, mu 1681, n'kulengezedwa woyera mu 1975. Ndi nyumba yopemphereramo, musalowe mukuseka ndi foni m'mwamba. Onaninso chipata chakale cha St Laurence's Gate, chotsalira cha mpanda wa mzinda womwe Oliver Cromwell anaugonjetsa mwankhanza mu 1649. A kumpoto kwathu mudziwe kuti masisitere a Medical Missionaries of Mary, amene anatumikira pachipatala cha St John's ku Mzuzu, kwawo kwenikweni ndi ku Drogheda komweku.

Pakati pa Drogheda ndi Donore pali Oldbridge, pomwe mfumu William III, Mprotestanti, anagonjetsa mfumu James II, Mkatolika, pankhondo ya pa Boyne mu 1690. Nkhondo imeneyi Aprotestanti ambiri ku Northern Ireland amaikumbukirabe ndi maperete pa 12 Julayi, ndiye si nkhani yochitira nthabwala ndi anzanu akuntchito. Monasterboice, kumpoto kwa Drogheda, ndi kwaulere ndipo kwa ine ndi malo amene anthu amawanyalanyaza mosayenera: mtanda wa mwala wa Muiredach, wa zaka za m'ma 900, wotalika mamita oposa asanu, uli ndi nkhani za m'Baibulo zozokotedwa mbali zonse. Koma kumafuna galimoto kapena takisi, ndipo ndi manda omwe akuikabe anthu, musaponde pamitumbira. Old Mellifont, nyumba yoyamba ya amonke a Cistercian m'dziko muno, ya 1142, ili kufupi pomwepo.

Trim ipatseni tsiku lakelake. Basi nambala 111 yochokera pa Busáras imakufikitsani m'tauni, ndipo linga lomwe Hugh de Lacy anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1170 lili pafupi, m'mbali mwa mtsinje. M'nsanja yapakati mumalowa ndi wokuonetsani malo basi, masitepe ake ndi opapatiza ndi otsetsereka, osayenera agogo kapena mwana wakumbuyo. Hill of Tara, likulu la mafumu akale a Ireland, komwe mtsogoleri wandale Daniel O'Connell anachititsa msonkhano waukulu mu 1843, ndi kwaulere, koma ndikuuzeni zoona: ndi phiri la udzu, zitunda ndi mphepo. Popanda wokufotokozerani, kapena kukakhala mvula, mudzabwerako mutakhumudwa ndi matope m'nsapato. Amene akufuna kuyenda malo ambiri pachaka agule Heritage Card ya OPW, €40 wamkulu ndi €10 wophunzira, koma ngakhale muli nayo, malo a ku Brú na Bóinne muyenera kusungitsiratu.

Valani jekete losalowa madzi ndi nsapato zotseka, osati zovala zojambulitsira; ambulera pa Tara mphepo imaithyola. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana, ndiye gulani tikiti ya m'mawa. Fikani pa Visitor Centre nthawi ikadalipo chifukwa basi ya pamalopo siidikira munthu. M'chipinda cha Newgrange saloleza kujambula, chikwama chachikulu sichidutsa m'kanjirako, ndipo amene amabanika pamalo opanikiza auze wokuonetsani malo asanalowe. Tengani kamba wanu ndi madzi, poti ku Monasterboice ndi ku mandako kulibe golosale, ndipo khadi la IRP likhale m'thumba tsiku lonse.