Momwe mungachotsere kamera yanu pa Auto n'kuyamba kuiuza zochita

Anthu ambiri akapeza kamera amangoisiya pa Auto mpaka kalekale, kenako n'kumadandaula kuti zithunzi zikutuluka zakuda kapena munthu akuoneka mwachimbuuzi, ena mpaka kumati kamerayo ndi ya feki. Kamera ilibe mlandu anzanga, vuto ndi loti siidziwa chomwe inu mukufuna kujambula, imangoyerekeza basi. Ndiye tengani kamera yanuyo m'manja tizichitira limodzi.

Kuwala kwa chithunzi kumadalira zinthu zitatu: aperture, shutter speed ndi ISO. Musayambe kulimbana nazo zonse nthawi imodzi, mutu uzungulira. Choyamba tembenuzani kagudumu ka pamwamba paja kafike pa A ngati muli ndi Nikon kapena Sony, pa Canon amalemba Av. Pamenepa inu mukusankha aperture yokha, shutter speed kamera idzisankhira.

Aperture ndi kabowo kali mkati mwa lenzi komwe kuwala kumalowera, kamakula n'kuchepa ngati mwana wa diso. Manambala ake ndi aja a f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11, f/16, ndipo apa ndi pomwe aliyense amasokonekera chifukwa zinthu zake n'zozondoka, nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti bowo ndi lalikulu, ikakhala yaikulu bowo lachepa. Kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6 mwadula theka la kuwala, kupita pa f/8 mwadulanso theka lina. Koma bowoli lili ndi ntchito inanso yomwe ndi yokoma kwambiri. Mukalitsegula kwambiri, tinene pa f/1.8 kapena f/2.8, munthu wanu amaoneka bwinobwino pomwe zakumbuyo kwake zonse zangoti mbuu, zija anthu amazikonda zija. Mukajambula gulu la anthu oti ena aima kumbuyo kwa anzawo, kapena malo otambalala, pitani pa f/8 kapena f/11 kuti aliyense aoneke. Lenzi ya 18-55mm yomwe nthawi zambiri imabwera ndi kamera siitseguka kuposa f/3.5, ndipo mukaizuma mpaka pa 55mm imathera pa f/5.6, ndiye musadabwe kuti f/1.8 simukuipeza, imeneyo imafuna lenzi ina ngati ya 50mm f/1.8.

Mukasankha aperture dinani batani lojambulira mwatheka, osalimaliza, muone nambala yomwe kamera yapereka. Imeneyo ndi shutter speed, kutanthauza nthawi yomwe kachitseko ka mkati kakhale kotsegula, poiyeza m'magawo a sekondi. 1/500 ndi kuphethira kwenikweni, 1/30 ndi kuchedwa ndithu ngakhale ikumveka ngati yothamanga. Ine ndimati nambala iyiyi ndi yomwe imaononga zithunzi zambiri za ongoyamba kumene, chifukwa pa kasikirini ka kamera chithunzi chimaoneka bho, mukakachitsegula pa kompyuta ndi pomwe mumaona kuti chagwedezeka chonse. Lamulo lakale ndi loti ngati kamera ili m'manja, nambala ya pansiyo isachepere kutalika kwa lenzi, lenzi ya 50mm musatsike pansi pa 1/50, mukazuma pa 200mm mukhale pa 1/200 kapena kuposa. Izi n'zoteteza kunjenjemera kwa manja anu kokha. Munthu wongokhala phee 1/125 imakwana, woyenda 1/250, mwana wothamanga kapena mpira yambirani pa 1/500 mpaka 1/1000. Zikakhala zothamanga choncho, sinthani kagudumu kapite pa S, pa Canon ndi Tv, musankhe nokha shutter speed kamera isankhe bowo.

Nanga mwatsegula bowo mpaka pothera koma kamera ikukupatsanibe 1/15? Apa ndi pomwe ISO imalowa, nambala yomwe mukaikweza kamera imatha kujambula ndi kuwala kochepa. Panja dzuwa likuwala siyani pa 100 kapena 200, kukachita mitambo 400, m'nyumba 800 mpaka 1600, usiku 3200 kapena kupitirira. Mukachoka pa 400 kupita pa 800 shutter speed imathamanga kawiri, 1/60 ija imakhala 1/125. Kuipa kwake ISO ikakwera chithunzi chimakhala ndi timadontho ngati mchenga, makamaka m'malo akuda. Koma musaiope kwambiri, bola chithunzi chamchenga kusiyana ndi chogwedezeka, mchenga umachepetseka pa kompyuta pomwe chogwedezeka chija n'chotaya.

Tsopano kabatani kolembedwa +/- komwe anthu ambiri sanakakhudzepo chigulireni kamera. Kamera ikamayeza kuwala imafuna chilichonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri chosadanso kwambiri, ndiye ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawalitsa n'kudetsa chithunzi chonse. Ineyo ndikuyamba kumene ndinaimika munthu kutsogolo kwa windo masana, kumujambula kasanu konse, zonse nkhope kuti bii ngati chithunzithunzi, kunja kwa windoko mitengo ikuoneka bwinobwino mpaka masamba, ndinangoti mwina lenzi yafa. Mankhwala ake anali kungodina kabataniko n'kuika pa +1, pena mpaka +2, nkhope n'kutuluka. Zimachitikanso munthu akaima pa khoma loyera kapena kumwamba kukalowa kwambiri m'chithunzi, ndipo pa khungu lakuda zimaonekera msanga. Kumbuyo kukakhala kwakuda kwambiri chitani zosemphana, tsitsani pa -1. Kapenanso mutembenuzeni munthuyo ayang'ane kuwindoko, inu windo likhale kumbali kapena kumbuyo kwanu, kuwala kwa pawindo n'kofewa bwino zedi. Mukamaliza bwezerani +/- ija pa 0, mukaiwala mawa mudzadabwa zithunzi zonse zayererako.

Kagwiridwe nakonso: dzanja lamanzere pansi pa lenzi, zigongono zitsamire pathupi, batani mudine mofatsa osati ngati mukupha nsikidzi. Fokasi ikani pa diso lomwe lili pafupi ndi inu.

Za M ya pa kagudumu paja, pomwe zonse mumasankha nokha, musathamangire. Mukadzafuna kuyesa, yambirani panja dzuwa litati nyee, ikani f/16, ISO 100, shutter speed 1/100 kapena 1/125, chithunzi chituluka bwino, kenako mukatsegula bowo pa f/11 thamangitsani shutter pa 1/250, pa f/8 ikani 1/500, muona kuti kuwala sikukusintha koma zakumbuyo zikunka zifewa. A mafoni nanu fufuzani pomwe alemba Pro, mafoni ambiri aperture siisintha koma ISO, shutter speed ndi +/- zimakhalapo.

Lero lomwe ikani kapu pa tebulo pafupi ndi windo, kumbuyo kwake kutali pang'ono muike botolo, mujambule kapuyo pa nambala yaing'ono kwambiri yomwe lenzi yanu ikulola, kenako pa f/8, kenako pa f/16, osasuntha pomwe mwaima, ndipo nthawi iliyonse muziyang'ana botololo komanso momwe shutter speed ikutsikira.