Mukufuna kukaponda pomwe Yesu anaponda? Konzani ulendo chonchi

Munthu amasunga ndalama zaka zambiri kuti akaone Yerusalemu koma akafika amangothamangitsidwa, tsikani jambulani kwerani basi, mpaka kubwerera osapemphera n'komwe. Zimandiwawa zimenezo, ndiye tiyeni tikonze bwino.

Choyamba pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi yoposa 6, komanso fufuzani za chitetezo musanagule tikiti chifukwa kuyambira October 2023 nkhondo yakhala ikuimitsa ndege. Kuchokera ku Lilongwe mutha kudzera ku Addis Ababa kenako Tel Aviv ku Israel, pa eyapoti mafunso ndi ambiri, ingoyankhani zoona osapsa mtima.

Kenako masiku muwawerenge bwino. Sabata ya Ayuda imayamba Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka madzulo, mabasi ndi sitima zimaima. Ndiye Lachisanu masana mukhale muli kale mu Yerusalemu, ndi nthawi yomwenso ansembe achikatolika a chipani cha Franciscan amatsogolera Njira ya Mtanda mumsewu wa Via Dolorosa, malo onse 14.

Ku tchalitchi cha Holy Sepulchre, komwe kuli Gologota ndi manda a Yesu, lawirani kusanache. Masana mzere wake ndi wa maola ndipo mukalowa m'mandamo simukhalitsa akuti tulukani, pomwe m'mamawa kumakhala zii, fungo la lubani ndi nyimbo za ansembe basi. Tchalitchi choyamba pamenepa chinapatulidwa mu 335 nthawi ya mfumu Constantine, ndipo mpaka lero kiyi amasunga ndi Asilamu, mabanja awiri a mumzindamo ndi omwe amaona za chitsekocho. Musatuluke osakwera padenga, kuli timanyumba ta amonke a ku Ethiopia, anzathu a mu Africa muno, ambiri amangowadutsa.

Amayi chitenje musasiye, mapewa ndi mawondo ziyenera kuphimbidwa, abambo kabudula ayi.

Betelehemu ali ku West Bank, dera la Apalestina, ndiye pali chipata cha asilikali, pasipoti ikhale m'thumba. Khomo la tchalitchi chomwe anabadwira Yesu ndi lalifupi, mulowa mowerama.

Galileya mupatseni masiku awiri. Ku Kaperenao kuli mabwinja a sunagoge ndi nyumba yomwe amati inali ya Petro, pafupi penipeni ndi nyanja. Pemphani gaidi akupatseni ola lathunthu, mukhale pansi pa mtengo, mutsegule Baibulo lanu la Chichewa pa Marko 1 ndi 2 muwerenge mokweza muli pomwepo.