Momwe mungalembere ndi kuwerengera zotsatira za kuyeza kachilombo koyambitsa COVID-19 ndi kathonje

Malawi italengeza pa 2 Epulo 2020 kuti anthu oyamba apezeka ndi COVID-19, anthu adazolowera kumva chiwerengero cha Unduna wa Zaumoyo tsiku ndi tsiku, koma manambala amenewo ankayambira m'makaundula a zipatala monga cha Khombedza ndi cha Chipoka kuno ku Salima. Malangizowa ndi a mlangizi wa zaumoyo kapena kalaliki amene wapatsidwa ntchito yosunga kaundula wotero.

Choyamba, lembani fomu kathonje kasanalowe m'mphuno mwa munthu. Pafomupo pakhale dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu, tsiku limene zizindikiro zidayamba ndi tsiku loyezera. Nambala imene mwampatsa munthuyo ikhale yomweyo pa fomu, m'kaundula ndi pa kabotolo koikamo kathonjeko, ndipo muilembe pathupi pa kabotoloko, osati pachivindikiro, chifukwa zivindikiro zimasinthana mosavuta mzere ukatalika.

Chachiwiri, onetsani mtundu wa kuyezako. Kachipangizo koyezera mwachangu kamawerengedwa pakatha mphindi pafupifupi 15. Pakachipangizoka pali zilembo C ndi T. Mzere ukaoneka pa C pokha, kachilombo sikadapezeke. Ukaoneka pa C ndi pa T, ngakhale wa pa T uli wozimiririka, kapezeka. Pa C pakapanda mzere, kuyezako kwalephereka, ndipo munthuyo ayezedwenso. Zopita kulabotale kukayezedwa ndi PCR (njira ya makina yofufuza chibadwa cha kachilombo) zisungidwe m'bokosi lozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8 mpaka wanjinga yamoto adzazitenge, ndipo m'kaundula mulembe kuti zotsatira zikudikiridwa.

Chachitatu ndi kuwerengera, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa. Tiyerekeze kuti sabata ino mwagwiritsa ntchito tizipangizo 43, titatu talephereka, ndipo tisanu ndi kamodzi taonetsa kachilombo. Zotsatira zenizeni ndi 40, choncho mugawe 6 ndi 40, kenako muchulukitse ndi 100, mupeze kuti opezeka ndi kachilombo ndi 15 pa 100 alionse. Zolepherekazo ndi zodikiridwazo musaziphatikize ndi za anthu opanda kachilombo, poti kutero kumatsitsa nambalayo, akuluakulu n'kuganiza kuti matenda akuchepa. Mu Meyi 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti nambalayi isapitirire 5 pa 100 kwa masiku 14 dziko lisanafewetse malamulo opewera matendawa, ndiye kulakwitsa pang'ono kumasokoneza ziganizo zazikulu.

Kumbukiraninso kuti chiwerengero cha kuyeza ndi chiwerengero cha anthu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Msodzi wa ku Senga Bay amene wapezeka nako Lolemba, n'kutsimikiziridwa ndi PCR Lachinayi, wayezedwa kawiri koma wodwala ndi mmodzi. Kwa ine, ichi chokha chikukwanira kukhala chifukwa chosungira nambala imodzi pa munthu aliyense.

Chachinayi, tumizani lipoti kwa woyang'anira kalondolondo wa matenda ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Salima, kumene manambala amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo ziwerengero za zaumoyo, kuti a Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe awaphatikize ndi a maboma ena. Ngakhale pamene simudayeze aliyense, tumizanibe lipoti lolembedwa 0, chifukwa malo osiyidwa opanda kanthu amasonyeza kuti chipatala chanu sichidapereke lipoti. Zotsatira za PCR zikafika mochedwa, bwererani pamzere wa munthuyo m'kaundula, muzilembe pamodzi ndi tsiku limene zafika, ndipo mudziwitse a ku boma kuti akonze chiwerengero cha sabata imeneyo.