Kwa ogwira ntchito usiku ku Joni: werengani, kenako gonani

Mlonda wina wa ku Rosettenville anandidandaulira kuti buku la malamulo a pamsewu lotchedwa K53 walibwereza kangapo, koma akakhala pa mayeso a laisensi zikwangwani za pamsewu zimamusokonekera. Nditamufunsa kuti amagona nthawi yanji, anangoseka. Amaweruka 6 koloko m'mawa, kukwera tekisi, kufika n'kuwerenga mpaka dzuwa litakwera, kenako kugona maola atatu m'chipinda chomwe amakhala ndi anzake awiri, wina akukazinga mazira, wina akuyankhula pa foni ndi akumudzi. Ndinamuuza kuti mutu wake ndi wabwinobwino. Chikumulepheretsa ndi tulo.

Ubongo umayendera magetsi. Muli maselo pafupifupi 86 biliyoni amene amatumizirana timphamvu ting'onoting'ono. Selo imodzi simungaimve, monga mmene phazi la munthu mmodzi silimvekera patali. Koma gulu la malipenga likaponda pansi nthawi imodzi, nthaka imachita kunjenjemera. Maselo nawonso akagunda limodzi amapanga mafunde, ndipo makina a EEG amawajambula kudzera m'tizitsulo tomata pamutu. Woyamba kuwajambula mwa munthu anali Hans Berger, dokotala wa ku Jena m'dziko la Germany, mu 1924, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1929. Iye anaona kuti munthu akatseka maso n'kukhala phee, pamabwera mafunde ogunda pafupifupi ka 10 pa sekondi, otchedwa alpha. Akangotsegula maso, mafundewo amazilala.

Amene ndikufuna muwasamale kwambiri ndi a tulo tofa nato. Awa amatchedwa delta, ndipo ndi aakulu, oyenda mwaulesi, osafika ka 4 pa sekondi. Zimene mwawerenga lero zimayamba zasungidwa m'kachigawo ka mkati mwa ubongo kotchedwa hippocampus. Zili ngati chimanga choyanika pamkeka: chilipo, koma sichinalowe m'nkhokwe. Mukagona tulo tofa nato, kachigawoka kamabwereza zimene munaphunzira, ndipo mafunde aulesi aja, pamodzi ndi timafunde tina tofulumira tobwera pakanthawi kochepa, ndi amene amathandiza kuti zikhazikike kumtunda kwa ubongo kumene zimakhalitsa. Mukadula tulo, chimanga chija mwachisiya panja.

Choncho werengani pang'ono, mphindi 30 kapena 40, musanagone, kenako tsekani buku. Mukadzuka dzifunseni mafunso musanalitsegulenso. Zimenezi n'chimodzimodzi kwa amene mukuphunzira za magiredi a ulonda a PSIRA (bungwe loyang'anira ntchito za ulonda), kwa amayi amene mukuloweza Chizulu cha kuntchito, ngakhale kwa mwana wanu wa matric, kalasi yomaliza ya sekondale, amene mumamuyamikira akachezera ndi mabuku mpaka 3 koloko usiku. Kumuyamikira kumeneko lekani.

Tulo timayenda m'magawo a mphindi pafupifupi 90, ndipo tulo tofa nato timachuluka m'magawo oyambirira. Maola atatu oyamba mukangogona ndiye a mtengo wapatali. Gwirizanani m'nyumbamo kuti nthawi imeneyo wailesi isalire ndipo mlendo asagogode. Foni muizimitse. Ndikudziwa kuti a kumudzi amaimba masana poganiza kuti muli maso, koma auzeni nthawi yoimbira. Nkhani ya feteleza idikira. Pawindo kolowekani bulangeti lochindikala, chifukwa kuwala kumauza thupi kuti kwacha, ndipo n'chifukwa chake tulo ta masana timafupika. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa. Akakanika nthawi imodzi, gawani pawiri: ambiri m'mawa, otsalawo madzulo musanapite kuntchito.

Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'zitini imwani kumayambiriro kwa shifiti. Pakatha maola pafupifupi 5, theka la kafeini limakhala likadali m'magazi, ndipo limachepetsa tulo tofa nato ngakhale inu muone ngati mwagona. Chitini cha 4 koloko m'bandakucha mudzachilipira 9 koloko m'mawa. Mowa nawo ndi wonyenga. Umakugwetsani msanga, koma ukamatha m'thupi tulo timadukaduka, ndipo gawo la maloto limachepa.

Kwa oyendetsa galimoto ndi anyamata a njinga zamoto operekera zakudya ndili ndi mawu apadera. Ubongo wotopa umatha kuzembera m'tulo kwa masekondi ochepa maso ali chitsegukire, mwini wake osadziwa. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, masekondi 3 ndi mtunda woposa mamita 80 wopanda woyendetsa. Mukazindikira kuti mwadutsa polowera panu pa M1 osakumbukira kuti mwadutsa bwanji, musatsegule windo kapena kukweza nyimbo. Imani pamalo otetezeka, monga pomwetsera mafuta, mugone mphindi 20. Musapitirire kwambiri, chifukwa mukadzutsidwa m'kati mwa tulo tofa nato mutu umalemera kwa kanthawi ndithu.

Pali mafunde ena amene si a tulo. Maselo ambiri akagunda limodzi mopitirira muyeso, munthu amagwa n'kumaphupha, kapena amangoti tuzu kwa masekondi angapo osayankha. Ameneyo akhoza kukhala khunyu, ndipo kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimamudzutsa. Sapatsirana, ngakhale mutakhudza thovu la wodwalayo. Musamuike supuni m'kamwa. Chotsani zinthu zomwe zingamupweteke, ndipo akasiya kuphupha mugonekeni chammbali. Zikapitirira mphindi 5 itanani ambulansi pa 112. Akatsitsimuka pitani naye ku kiliniki, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu kukajambulidwa EEG. Amene anaona zonse apite nawo, chifukwa wodwalayo sakumbukira, ndipo dokotala adzafunsa kuti zinayamba bwanji ndipo zinatenga nthawi yaitali bwanji.