Kusamalira khanda lokhala ndi chotupa chofiira cha hemangioma

Kadontho kofiira kamene kamatuluka pakhungu la khanda patapita milungu ingapo chibadwire, n'kumatukuka ngati bulosi, kawirikawiri kamakhala hemangioma, kutanthauza timitsempha ta magazi tochulukana pamalo amodzi. Si khansa, ndipo mwanayo sanalodzedwe. Chotupachi chimakula msanga m'miyezi isanu yoyambirira, kenako chimayamba kuphwa chokha mwana akapitirira chaka, choncho ana ambiri safunika mankhwala. Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti musatemepo mphini, chifukwa pamatuluka magazi ambiri ndipo bala lake limavuta kupola.

Mlungu uliwonse jambulani chotupacho pafoni mutaika khobidi pambali pake, kuti adokotala aone mmene chikukulira. Chikakhala pachikope, pamphuno, pamlomo kapena pachibwano, chikachita chilonda, kapena madontho akafika asanu, pitani kukiliniki mwamsanga, akulembereni kalata yopita ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete.

Mankhwala amene madokotala amadalira masiku ano ndi propranolol, omwe poyamba ankadziwika ngati a mtima ndi BP. Mu 2008, Dr Christine Léauté-Labrèze ndi anzake ku Bordeaux, m'dziko la France, analengeza kuti khanda lina limene analipatsa mankhwalawa chifukwa cha vuto la mtima, chotupa chake cha pamphuno chinafewa n'kusintha mtundu tsiku lotsatira lomwelo. Mwa zina, mankhwalawa amachepetsa mpata wa timitsempha ta m'chotupamo.

Adokotala akakulemberani, apa m'pofunika tcheru. Muyezo wake umatsata kulemera kwa mwana, ndiye musaphonye sikelo, ndipo muzinyamula kadi yake pokaonana nawo. Mwana amwe kawiri patsiku, potalikitsa maola osachepera 9, ndipo nthawi zonse akhale akuyamwa kapena atangoyamwa kumene, chifukwa propranolol amatha kutsitsa shuga m'thupi. Tsiku limene akusanza kapena kukana bere, monga zimachitikira akadwala malungo, musam'patse mpaka atayambiranso kuyamwa bwino. Akatuluka thukuta lozizira, akalefuka osadzuka, kapena pachifuwa pakamalira popuma, thamangirani kuchipatala ngakhale usiku. Mapiritsi a agogo a BP musawaphwanyire khanda, ngakhale dzina litafanana. Kawirikawiri mwana amamwa mankhwalawa miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira, ndipo tsiku losiyira amanena ndi adokotala.